Makalata a agogo anaperekedwa kosungira zakale: angasume ndani?

Mayi, mwalemba kuti agogo anu aamuna anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodiyo, ndipo anasiya sutikesi yodzaza makalata omwe ankalembera agogo aakazi, zithunzi komanso makaseti a nyimbo. Atamwalira, amalume anu anakapereka zonsezi kubungwe lina losunga zinthu zakale osafunsa aliyense. Tsopano mwaona chithunzi chimodzi chatuluka m'buku, ndipo mukapita kukafunsa amangoti bwana kulibe. Mukufuna kukasuma.

Musathamangire kukhoti. Loya wa mbali inayo akadzaimirira, funso lake loyamba lidzakhala loti inuyo mukusuma ngati ndani. Kukhala mdzukulu pakokha sikukupatsani mphamvu. Katundu wa womwalira, ngakhale envelopu yong'ambika yokhala ndi sitampa ya ku South Africa, ndi chuma chamasiye, ndipo chimayendetsedwa ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011. Woyenera kusuma m'dzina la malemu ndi munthu amene anatchulidwa mu wilo kuti ayendetse chumacho, kapena amene khoti linamupatsa chikalata choyendetsera chuma, chija amachitcha letters of administration. Ndaona milandu yomveka bwino ikuthera pomwepa, woweruza asanaone n'komwe umboni, banja n'kulamulidwa kulipira ndalama zomwe mbali inayo yawononga. Kukatenga chikalatacho mutasuma kale nthawi zambiri sikuwombola mlandu, mumayambiranso. Pamenepo nthawi ikupita, chifukwa milandu yambiri yamtunduwu ili ndi malire a zaka 6.

Palinso china chomwe ambiri sachiona. Pepala la kalata ndi la amene analandira, koma mawu olembedwamo ndi a amene analemba. Choncho mapepalawo ndi a agogo aakazi, pomwe ufulu wolola kuti mawuwo asindikizidwe uli ku chuma cha agogo aamuna. Ngati agogo aakazi ali moyo, iwowo atha kuitanitsa makalatawo m'dzina lawo. Ngati anamwalira, mwina mufunika zikalata za mbali zonse ziwiri.

Za amalume zimandikhumudwitsa, chifukwa ndi khalidwe lofala: munthu kutola katundu wa malemu ngati wake poti ndiye wamkulu pabanja. Ngati analibe chikalata, n'kutheka kuti analibenso mphamvu yopereka. Komabe sindingakulonjezeni kuti sutikesiyo ibwerera. Zidzatengera zomwe anasainira, ngati inali mphatso kapena kungosungitsa, komanso chaka chomwe zinachitikira.

Pakadali pano lembani kalata kwa mkulu wa bungwelo yopempha kope la mgwirizanowo ndi mndandanda wa zomwe analandira, ndipo akudindireni kope lanu. Za pakamwa zisiyeni; wosafuna kuyankha sasowa chonamizira. Likakhala bungwe la boma, tchulani lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga la 2017, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zolemba mpaka zaka 50 mlembi atamwalira, ndiye pezani chikalata cha imfa. Chithunzi nthawi zambiri umwini wake umakhala wa wojambula, osati wojambulidwa, choncho onani ngati kumbuyo kwake kuli chidindo cha situdiyo. Nyimbo zamakolo, monga za pamtondo, lamulo limaziika m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Ngati nyimbozo agogo anapeka okha, kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso. Ndalama za loya zikavuta, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya.

Musanasume, khalani pansi pabanja mugwirizane chomwe mukufunadi. Mabanja ena amasankha kuti zinthuzo zisungidwebe komweko, poopa chiswe ndi chinyontho, koma pa mgwirizano watsopano wolembedwa: dzina la agogo litchulidwe, banja lipatsidwe makope, ndipo chilichonse chisasindikizidwe popanda chilolezo cha woyendetsa chuma.