Thobwa likakana kutsekemera, funsani chimera

Mayi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, wandilembera pa imelo. Akuti anaphika thobwa la pachinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, koma linatuluka lolimba ngati phala la khanda, losatsekemera, ndipo pofika mawa lake linali litasasa. Anathiramo shuga kilogalamu yathunthu, osathandiza. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

Mayi, pepani ndithu, ndikudziwa kuwawa kwake pamene alendo angolawa n'kuika chikho pansi. Mwa zomwe mwafotokozazi, ine ndikuona kuti munathira chimera phala likadali lotentha kwambiri.

Kukoma kwa thobwa kumachokera m'chimera, osati m'sitolo. Mawere akayamba kumera amatulutsa mphamvu yomwe imasandutsa ufa kukhala shuga. Mphamvu imeneyi imagwira bwino ntchito phala likakhala pa madigiri 60 mpaka 65, koma likadutsa 80 imafa. Ndiye mukaphula mphika pamafuwa n'kuthira chimera pompo, mwachipha, chasanduka ufa wamba. Agogo anga kwathu ku Mchinji analibe choyezera kutentha. Ankatunga phala pang'ono ndi chipande, n'kudonthezera kuseri kwa dzanja. Likawaotcha, ankapita kukasesa pabwalo kaye. Likakhala lotentha koma lopiririka, ankawaza chimera pang'onopang'ono uku akutakasa ndi mthiko. Apa mpamene ndimapakonda ine mpaka lero: phala lomwe limalemera pamthiko limayamba kumasuka, mthiko n'kumayenda wokha, kafungo kotsekemera kaja n'kudzaza khitchini yonse. Mukapanda kuona phala likusungunuka choncho, dziwani kuti chimera sichinagwire.

Nacho chimeracho chiyang'anitsitseni. Chogula pamsika nthawi zina chimakhala chogonera, kapena chosakaniza ndi mgaiwa. Ine ndimakonda kupanga changa. Ndimaviika mawere usiku umodzi, kuwakhetsa madzi, kuwafunditsa ndi thumba lonyowa pamthunzi masiku atatu kapena anayi mpaka timizu toyera titatuluka, kenaka kuwayanika padzuwa mpaka aume gwa, n'kupita nawo kuchigayo. Akachita nkhungu musawaumire, tayani. Chimanga ndi mapira nazo zimapanga chimera, koma kwa ine cha mawere n'chosayerekezeka, ndiponso chimapatsa thobwa mtundu wofiirira uja.

Za kusasa msanga, ndikukayika ngati munaliwiritsa kachiwiri. Chimera chikamaliza ntchito yake, thobwa libwerere pamoto liwire bwinobwino. Kuwira kumeneku kumapha tizilombo tosasitsa tomwe tinabwera ndi chimera chija. Mukalumpha pamenepa, ndi kutentha kwa ku Kasungu mu Okutobala, limayamba kuchita thovu usiku womwewo, ndipo mukalisiya masiku angapo likhala litalowera ku mowa. Shuga munathirayo anangodyetsa tizilombo tomweto.

Musadikire chinkhoswe china kuti muyesenso. Loweruka likubwerali phikani la mumphika waung'ono, la pabanja panu pokha, muone ndi maso anu phala likumasuka. Likazizira lisungeni mumtsuko wotsukidwa ndi madzi otentha, pakona pozizira m'nyumba, ndipo chikho chomwera chisamalowe mumtsukomo. Mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti abambo akunyumba ndi ana anamwa zikho zingati.