Funsani Dokotala: Ndikufuna kukaphunzira kung fu ku China, koma thupi ndi lolemera

Adokotala, ndili ndi zaka 41, ndimalemera makilo 106, ndipo ndimagulitsa zitsulo zamagalimoto ku Down Shops, ku Chipata. Ndasunga ndalama zoti mu June ndikakhale miyezi itatu pasukulu ya kung fu ku Dengfeng, ku China. Chichokereni kusukulu sindinachitepo masewera alionse. Ndayamba kuthamanga ku David Kaunda Stadium koma mawondo akupweteka, ndiye ndikumwa diclofenac m'mawa ndi madzulo. Ndikamakwera phiri la Kanjala pachifuwa pamathina, ndikaima zimasiya. Anzanga akuti ululu ndiwo umboni woti thupi likulimba. Bambo anga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 52, sindikufuna kutha ngati iwo. Mankhwala amphamvu a mawondo ndi ati? — Bambo wa ku Kapata

Achimwene, mwafunsa za mawondo, koma ine pamene ndaima ndi pa bambo anu. Mukuwerenga zaka zimene zatsala kuti nanunso mufike 52, ndipo mwaona kuti mphunzitsi wouma mtima wa kutali ndiye angakuchotsereni m'miyezi itatu zimene thupi lakhala likusonkhanitsa zaka 20. Mantha amenewo ndi omveka, ndipo kufuna kusintha moyo ndi chinthu chabwino. Ulendo sindikukuletsani. Koma pali chiganizo chimodzi chimene mwachibisa pakati pa kalata ngati chosafunika: pachifuwa pamathina mukamakwera phiri, mukaima pamamasuka.

Umu ndi mmene mtima umadandaulira pamene mitsempha yake siikupereka magazi okwanira nthawi ya ntchito. Achipatala timati angina. Zikhoza kukhala zina, monga chifuwa cha mphumu kapena asidi wa m'mimba, koma kwa mwamuna wonenepa wa zaka 41 amene bambo ake anagwa mwadzidzidzi asanafike 55, timayamba taganiza za mtima mpaka kuyeza kutatitsutsa. Mwakwera phirilo kangati mukumva zimenezi? Munapeza nthawi yofufuza sukulu ya ku Henan, chigawo chomwe kuli Dengfeng, kufunsa mtengo wa ndege, kukonza pasipoti, koma kiliniki ya Kapata ili pafupi ndi nyumba yanu simunaipondeko. Kuyambira lero siyani kuthamanga ndi kukwera phiri mpaka mutayezedwa. Kuthinako kukabwera muli chikhalire, kapena kukapanda kusiya mutapuma, kapena kukafika kudzanja ndi kunsagwada limodzi ndi thukuta lozizira, pitani ku Chipata Central Hospital nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Tsono za anzanuwo. Mawu akuti ululu ndiwo kulimba avulaza anthu ambiri, ndipo avulaza makamaka oyamba kumene, chifukwa ndiwo amaopa kusekedwa. Ululu ulipo wamitundu iwiri. Wina ndi kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira, kumakula pakati pa maola 24 ndi 72, kenako n'kutha kokha. Umenewo ndi wa aliyense woyamba masewera, walira mvula walira matope. Wina ndi wobaya, wa pamalo amodzi, wa m'bondo kapena m'msana, wobwera nthawi yomwe mukuchita masewerawo, nthawi zina ndi kutupa. Umenewo ukunena kuti chinachake chikung'ambika. Thupi silimba nthawi imene likuzunzidwa. Limalimba usiku mutagona, ndi tsiku lopuma, pamene minofu ikudzikonza. Ndipo mitsempha yogwira mfundo imachedwa kulimba kuposa minofu, n'chifukwa chake munthu amayamba kumva mphamvu pamene mawondo ake sanakonzeke.

Pali choopsa china chimene anzanuwo sachidziwa. M'masukulu ambiri a ku Dengfeng, kufupi ndi kachisi wa Shaolin, tsiku limayamba ndi kuthamanga kusanache, ndipo maphunziro amatenga maola asanu kapena kuposerapo: kudumpha, kukwera masitepe, kunjuta miyendo itatangadza osasuntha. Munthu wosazolowera akaumiriza minofu motero, imasweka n'kutayira zam'kati mwake m'magazi, ndipo zimenezo zimakatseka impso. Dzina lake ndi rhabdomyolysis. Ntchafu zimatupa n'kuuma, kuyenda kumakanika, mkodzo umachepa n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kutentha ndi kusamwa madzi zimakulitsa vutoli, ndipo June mpaka August ndi nyengo yotentha kwambiri ku Henan, pamene inu mudzakhala mukuchoka m'chisanu cha kuno. Thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kugwira ntchito m'kutentha. Mukadzaona mkodzo wotere, musadikire kuti mphunzitsi akuloleni. Ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene diclofenac wanu akundidetsa nkhawa. Ndani anakulemberani? Mankhwala amenewa, pamodzi ndi Brufen, amachepetsa magazi opita ku impso, amakweza BP, amakanda m'mimba, ndipo diclofenac saloledwa kwa munthu amene ali ndi matenda a mtima. Mukumwa kawiri patsiku kuti bondo likhale chete inu muzilipondabe. Asiyeni. Ngati ululu wakula, Panado ndi wokwanira mpaka dokotala atagwira bondolo. Mankhwala amphamvu amene mwapempha sindikupatsani.

Pitani kuchipatala sabata ino, ndipo mukakalowa musakayambe ndi mawondo. Mukanene kuti: "Pachifuwa pamandithina ndikamakwera chitunda, ndipo bambo anga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 52." Mawu amenewa amasintha mmene akuyezereni. Akakuyezeni BP, ndipo ikapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, ndiye kuti ndi yokwera. Akayeze shuga, mafuta a m'magazi, ndi mmene impso zikugwirira ntchito, makamaka pamene mwakhala mukumwa mapiritsiwa. Mukapemphe ECG, yojambula kagundidwe ka mtima, koma dziwani kuti ECG yojambulidwa mutagona ikhoza kuoneka bwino mtima uli ndi vuto, choncho akakuuzani zokayezetsa mtima mukuyenda pamakina, kapena zopita kwa katswiri ku Lusaka, musaone ngati akukutayitsani nthawi. Funsaninso za sickle cell, matenda a m'magazi otengera kwa makolo. Anthu ambiri kuno amanyamula mbali imodzi ya matendawa osadziwa chifukwa sadwala, koma masewera owawa m'kutentha akhoza kuwagwetsa. Ngati amayi kapena amalume alipo, afunseni bwino chimene chinatenga bambo anu.

Akakulolani, yambani ndi kuyenda ndawala pamalo osalala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera osachepera mphindi 150 pa sabata, ndiye mphindi 30 masiku asanu ndi poyambira pabwino. Kupalasa njinga sikuvutitsa mawondo. Muziwonjezera pang'onopang'ono, nsima muchepetse, Fanta ndi mowa zitsike. Kunena zoona, June wayandikira kwambiri kwa thupi lanu. Sunthani ulendo, ndipo nthawi yodikirayo pezani kalabu ya karate kapena nkhonya yapafupi, kuti kunjuta koyamba mukuonere kwanu, komwe mungaime osaopa kuti ndalama za ndege zapita pachabe.

Mukamalembera sukuluyo, auzeni zaka zanu, kulemera kwanu ndi zimene adokotala apeza, ndipo funsani ngati ali ndi gulu la oyamba kumene komanso kuti chipatala chili mtunda wotani. Za kumenyana ndi mnzanu m'bwalo muzikane miyezi yoyambayo. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, siikakulipirirani ku China, ndipo inshuwalansi zambiri zapaulendo sizilipira wovulala pamasewera omenyana, ndiye werengani musanasaine. Akakupatsani mankhwala a BP, nyamulani okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ndipo mukakatentha thupi mutafika, malungo a kuno akhoza kudzuka muli kumeneko. WHO inalengeza mu 2021 kuti China inathetsa malungo, choncho dokotala wa ku Dengfeng sangawaganizire msanga. Mukamuuze nokha kuti mwachokera ku Zambia, ndipo mukaumirire kuti akuyezeni magazi tsiku lomwelo.