Makamera anayi ndi ana a amayi oyendayenda: muyambire pati?

Mayi wina wa ku Limbuli, mphunzitsi wopuma pa ntchito, watilembera pa imelo. Akuti gulu lawo la kutchalitchi lalandira makamera anayi ang'onoang'ono, ndipo akufuna kuphunzitsa kujambula ana a amayi oyendayenda a pa Limbuli ndi pa Muloza, kuti mwina anawo angakonde sukulu. Akufunsa kuti ayambire pati, nanga asamale chiyani.

Mayi, choyamba musakhazikitse kalabu ya "ana a amayi oyendayenda". Pa Limbuli anthu amadziwana. Mwana akangooneka atakoleka kamera m'khosi, aliyense adziwa chifukwa chake, ndipo Lolemba kusukulu anzake amuitana ndi dzina lija lotukwana. Itcheni kalabu yojambula basi, ndipo mwa ana 12, theka akhale ana a mavenda, a othyola tiyi, a oyendetsa kabaza. Amene akudziwa za theka linalo akhale inu ndi mnzanu mmodzi. Musalembe zimenezi m'kaundula.

Njira yopatsa anthu wamba kamera kuti aonetse okha moyo wawo si yachilendo. Caroline Wang ndi Mary Ann Burris anaiyesa ndi amayi a kumidzi ku Yunnan, m'dziko la China, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kuitcha photovoice. Zana Briski anaphunzitsa kujambula ana a amayi oyendayenda a ku Sonagachi mumzinda wa Kolkata ku India, ndipo filimu ya ntchitoyo inapambana mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2005. Koma bungwe la amayi a kumeneko linadandaula kuti filimuyo inawaonetsa ngati makolo osasamala ana. Phunziro lake ndi loti muyambe ndi amayiwo, osati ana. Kumanani nawo masana, chakuma 2 koloko, chifukwa m'mawa ambiri amakhala akugona. Pitirani kwa mmodzi amene anzake amamumvera. Chilolezo chikhale cha mayi kapena agogo amene akusunga mwanayo, komanso cha mwana mwini, ndipo muwawerengere mokweza m'Chichewa asanasayine. Ofesi ya zosamalira anthu pa boma la Mulanje ndi amfumu adziwe kuti kalabu ilipo.

Makamera anayi akwanira: ana atatu pa kamera imodzi, azaka 10 mpaka 15. Kumanani Loweruka lililonse maola awiri, kwa milungu 10, pasukulu kapena patchalitchi, akuluakulu awiri alipo nthawi zonse, mmodzi wamkazi. Milungu iwiri yoyamba ndi yogwira kamera: chingwe padzanja, zigongono zitsamire m'nthiti, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Zithunzi zoyamba zimatuluka zosaoneka bwino chifukwa mwana amadina batani mwamphamvu kamera n'kugwedezeka. Aphunzitseni kudina pang'ono, kudikira, kenako kumaliza. Kuyambira mlungu wachitatu muziwapatsa mutu umodzi: madzi, njira yanga ya kusukulu, manja a munthu akugwira ntchito, phiri nthawi ya chiperoni. Aliyense zithunzi 10 zokha. Mukapanda kuika malire, abwera ndi zithunzi 200 za anzawo akupinda zala.

Kamera isagone kunyumba kwa mwana. Ena anganene kuti mwana ajambule moyo wake weniweni, koma ife tikukana. Kamera ikalowa m'chipinda cha kuseri kwa bala ijambula kasitomala, ndipo amene amenyedwe ndi mwana kapena mayi ake. Apo ayi igulitsidwa tsiku limene ufa watha. Malamulo kwa ana akhale ochepa oti awaloweze: osajambula m'bala kapena m'nyumba zogona alendo, osajambula munthu asanavomere, osajambula aliyense wosavala ngakhale khanda likusamba. Lomalizali ndi nkhani ya kupolisi, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana. Pa Muloza awuzeninso kuti asaloze kamera ku ofesi za pachipata. Mukabwereka foni kuti iwonjezere makamera, zimitsani GPS, popeza chithunzi chimasunga malo amene chajambulidwira.

Mdani wina ndi chinyontho cha Mulanje. Galasi la kamera limachita chuku mkati, ndipo chikalowa kuchichotsa n'kovuta. Sungani makamera m'kontena yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, mabatire mutachotsa. Memori khadi ya 8GB pa kamera iliyonse ndi yokwanira, ndipo izikhala ndi inu.

Tsono sukulu ilowa bwanji? Kamera payokha siibweza mwana m'kalasi. Mlungu uliwonse tsukitsani chithunzi chimodzi cha mwana aliyense, cha 10 ndi 15 sentimita, amate m'kope, alembe pansi pake ziganizo zitatu, kenako awerengere anzake. Pamenepo ndi pamene mudzazindikire kuti mwana wa Sitandade 5 satha kulemba dzina la mudzi wake, ndipo theka la ola lomaliza likhale lowerenga. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, koma yunifomu, makope ndi sopo ndi zimene zimakhazika ana pakhomo. Pa ndalama zimene gulu lanu lingapeze, zambiri zipite kumeneko, kwa ana onse 12 mofanana. Gwirizanani ndi aphunzitsi aakulu kuti muziona kaundula wa kalasi kamodzi pa mwezi, ndipo amayi a mother group akuthandizeni kulondola amene wayamba kujomba. Wojomba musamuchotse m'kalabu. Kawirikawiri amakhala akulera mng'ono wake usiku, kapena mayi asamukira ku Luchenza kapena ku Bvumbwe kotsata malonda. N'chifukwa chake mufunse msanga dzina la wachibale amene mwana angatsale naye kuti amalize teremu.

Konzekeraninso kumva zowawa. Mwana akamafotokoza chithunzi chake, nthawi zina amaulula kuti wina amamugwira. Musamufunse mafunso ambirimbiri, ndipo musamulonjeze kuti simuuza munthu. Lembani mawu ake momwe wanenera, tsiku lomwelo mudziwitse wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu kapena a Victim Support Unit kupolisi. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana amene ali pa mavuto, ndi yaulere. Chiyambire 2017, Malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho mtsikana wa zaka 16 wopezeka m'bala ndi mwana wofunika chitetezo.

Mlungu wa 10 pangani chionetsero m'kalasi: chingwe, mapegi, zithunzi ziwiri za mwana aliyense zimene wasankha yekha, mayi ake ataziona kaye. Pansi pa chithunzi lembani dzina loyamba lokha, kapena limene mwana wadzisankhira. Amene anapereka makamera akapempha zithunzi za pa Facebook, atumizireni za phiri, za msika ndi za minda ya tiyi zimene ana ajambula, osati nkhope za anawo.