Mwana wanu wapanga kachipangizo koyang'anira netiweki: ndalama ipite ku patent kapena ku CCNA?

Bambo wina wa ku Kasungu, mphunzitsi wopuma pantchito, walemba motere: "Mwana wanga wamkazi ali m'chaka chachitatu cha digiri ya ICT. Wapanga kachipangizo kamene kamamutumizira uthenga pafoni intaneti ikaduka ku laibulale ya pasukulu pawo. Anzake akumuuza kuti akalembetse patent msanga anthu asanamubere nzeru. Iye akufunanso ndalama ya mayeso a CCNA. Penshoni yanga siingakwanire zonse ziwiri. Ndiyambe ndi chiti? Nanga ntchito ya zimenezi ilipodi, kapena ndi masewera chabe?"

Bambo, si masewera ayi. Mwana wanuyo walowa yekha, popanda womukankha, m'gawo lenileni la ntchito imene makampani a mafoni, mabanki ndi mayunivesite amalipirira anthu usana ndi usiku. Koma ya patent ija, chikalata cha boma choteteza chinthu chatsopano chimene munthu watulukira kuti ena asachikopere, muiiwale kaye; za CCNA, satifiketi ya ukatswiri wa netiweki, tikamba kumapeto. Ndifotokoza chifukwa chake, kenako ndilankhula ndi mwanayo, poti ndikudziwa kuti mumuwerengetsa.

Uthenga ukamayenda pa intaneti suyenda wathunthu. Umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imalembedwa kumene ikuchokera ndi kumene ikupita. Zili ngati mutatumiza chimanga ku Blantyre m'matumba olembedwa dzina, n'kuwakweza m'malole osiyanasiyana: ena adzera ku Zalewa, ena achedwa panjira, lina ligwa osadziwika pamene lagwera, ndipo wolandirayo ayenera kuwerenga n'kuitanitsanso losowalo. Nzeru imeneyi anaiganiza anthu awiri payekhapayekha, Paul Baran wa ku RAND ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndi Donald Davies wa ku National Physical Laboratory ku Britain mu 1965. Netiweki ya ARPANET inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1969, ndipo pa 1 January 1983 inasamukira ku malamulo otumizira mapaketi otchedwa TCP/IP, omwe tikuyendera mpaka lero. Ubwino wake ndi wakuti anthu ambiri amagawana chingwe chimodzi. Vuto lake ndi lakuti palibe makina amodzi amene akugwira njira yonse, choncho zinthu zikavuta, palibe amene amangodziwiratu pamene pavuta. Pafunika munthu wodziwa kufufuza. Ntchito ya mwana wanu ndi imeneyo.

Tsopano taonani mmene zida za ntchitoyi zinabwerera. Mu December 1983, Mike Muuss, yemwe ankagwira ntchito pa labotale ya asilikali a America, anaona netiweki yawo ikuchita zachilendo. Madzulo amodzi analemba kapulogalamu kotumiza paketi kwa kompyuta ina n'kuyeza nthawi imene yankho latenga. Ndiye ping imeneyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi imene ili mkati mwa kachipangizo ka mwana wanu. Mu October 1986 kunachitika zoopsa: pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya California ku Berkeley, malo otalikirana mayadi 400 okha, liwiro linatsika kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40. Chingwe sichinaduke. Makompyuta ankangobwereza kutumiza mapaketi otayika mpaka njira inadzaziratu ndi zobwereza zokhazokha. Van Jacobson ndiye anafufuza n'kukonza TCP kuti izidzichepetsa liwiro ikaona kuti mapaketi akutayika. Yemweyo analemba traceroute mu 1987, ndipo nzeru yake ndi yosangalatsa: paketi iliyonse imakhala ndi nambala imene router iliyonse (makina olondolera mapaketi panjira) imachotserapo imodzi, ikafika pa ziro router imeneyo imataya paketiyo n'kubweza uthenga wodandaula. Potumiza paketi ya nambala 1, kenako 2, kenako 3, ma router onse a panjira amadziulula okha mmodzimmodzi.

Mu 1988 kunabwera SNMP, njira yofunsira router kapena switch (bokosi lolumikiza makompyuta a pamalo amodzi) kuti inene mapaketi angati adutsa, angati awonongeka, komanso ngati doko lolowetsamo chingwe lili lotseguka. Tobias Oetiker, ali pa De Montfort University ku Leicester, kumene onse ankalimbirana chingwe chimodzi cha 64 kbit, analemba MRTG yoti izifunsa router mphindi 5 zilizonse n'kujambula magirafu. Anaitulutsa mu 1995. Gerald Combs ankagwira ntchito pa kakampani kakang'ono kogulitsa intaneti, zida zounikira mapaketi zinali zodula, ndiye mu 1998 anatulutsa yake, Ethereal, imene kuyambira 2006 imatchedwa Wireshark. Nagios ya Ethan Galstad, imene inayamba mu 1999 ndi dzina lakuti NetSaint, ndi Zabbix ya Alexei Vladishev wa ku Latvia, zimachita ndendende zimene mwana wanu wapanga: kuyang'ana, n'kuimba belu chinthu chikafa.

Zonse ndatchulazi munthu amazitenga kwaulere. Apa ndi pamene nkhani ya patent ikuvutira. Patent amapereka pa chinthu chatsopano padziko lonse, osati chatsopano pasukulu kapena m'Malawi mokha, ndiponso chikhale choti katswiri wa ntchitoyo sakanangochiganiza mosavuta. Kutumiza ping n'kuchenjeza pa SMS kwachitika zaka zoposa 20. Sindikunena kuti m'gawoli mulibe ma patent, alipo ochuluka zedi. Kampani yopanga zida za netiweki ya Cisco inateteza motero NetFlow, njira yake ya mu 1996 yowerengera kuti ndani akulankhula ndi ndani pa netiweki ndipo atumizirana zochuluka bwanji. M'kaundula wa ma patent muli magulu athunthu a zimenezi, H04L 41 la kayendetsedwe ka netiweki ndi H04L 43 la kuyang'anira ndi kuyeza. Mwanayo atsegule Google Patents kapena Espacenet, zomwe salipira, alembe manambala amenewa, aone kuti amene ali mmenemo ndi akuluakulu monga Cisco, Ericsson, Huawei ndi Nokia, okhala ndi maloya awo olembera ndi kuteteza kukhoti. Kuno kwathu pempho limadzera ku ofesi ya boma yolembetsa ma patent kapena ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za ma patent, ku Harare, ndipo pali zolipira polembetsa, zolipira wolemba chikalatacho, ndi zina chaka ndi chaka kuti patent isafe. Patent payokha siibweretsa tambala. Imangokupatsani mphamvu yosumira wokuberani. Pa ndalama ya penshoni, ine ndikuti ayi.

Mantha a anzake aja ali ndi kayankho kena. Pulogalamu imene iye walemba ndi yake kale pansi pa Copyright Act ya 2016. Koma afunse ku dipatimenti yake zimene malamulo a yunivesite amanena pa ntchito yopangidwa ndi zida za sukulu. Ndipo tsiku lina akadzapezadi njira imene sakuipeza paliponse m'kaundula muja, asadzathamangire kuionetsa pa Facebook kapena pachionetsero, chifukwa chinthu chikaululidwa pagulu chisanalembetsedwe chimatha kutaya utsopano wake.

Tsopano iwe mwana wanga, tamvera. Kachipangizo kako kakuyankha funso limodzi lokha: yamoyo kapena yafa? Bwana wa ntchito adzakufunsa ena atatu: yafera pati, chifukwa chiyani, ndipo unaona zizindikiro liti? Funso loyamba loti udzifunse ndi lakuti uthenga wako wochenjeza umadzera njira iti. Ngati umadzera pa intaneti yomweyo imene ukuyang'anira, ndiye kuti tsiku limene ukufunika kwambiri sudzafika. Usachite manyazi, ngakhale Facebook zinaigwera. Pa 4 October 2021, lamulo lolakwika pokonza netiweki yawo linachititsa kuti Facebook, WhatsApp ndi Instagram zisowe kwa maola pafupifupi 6, ndipo zida zawo zofufuzira vutolo zinafera limodzi poti zinkadalira netiweki yomweyo, mpaka akatswiri anachita kupita okha kumalo osungira makina. Choncho kachipangizo kako kakhale ndi SIM yakeyake ndi batire lakelake.

Kenako kaphunzitse kusiyanitsa. Switch ya pakati ikafa, makompyuta 40 a kuseri kwake onse aoneka ngati afa. Munthu amene foni yake yalira ka 40 usiku umodzi adzaithimitsa, ndipo chenjezo lenileni lidzamupeza ali mtulo. Uthenga ukhale umodzi, wotchula switch yo. Kasiyanitsenso vuto la m'nyumba, la kampani yokugulitsani intaneti, ndi la kutali. Pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi maiko ena a chigawo chino. Tsiku lotero munthu wa traceroute amaona mapaketi akutuluka bwinobwino pasukulu n'kukavutikira kunja kwa dziko, ndipo sataya nthawi kumazula zingwe za mu laibulale.

Ukayamba kuwerenga ma switch ndi SNMP, msampha uwu ukukudikira. Kawerengero kakale ka mabiti 32, kamene switch imawerengera mabaiti odutsa, kamadzaza kakafika mabaiti oposa pang'ono 4 biliyoni, n'kuyambiranso pa ziro. Pa chingwe cha gigabiti imodzi chodzaza, zimenezi zimachitika m'masekondi 34 okha, ndiye ukamafunsa mphindi 5 zilizonse girafu yako idzanama molimba mtima. Gwiritsa ntchito mawerengero a mabiti 64. Dziwanso kuti SNMP yoyamba ndi yachiwiri zimatumiza mawu achinsinsi osabisa, ndipo zida zambiri zimabwera ndi mawu akuti public amene anthu amaiwala kusintha. Yachitatu ndiyo imabisa.

Pamene ine ndikuona mpata weniweni wa luso lako ndi pa magetsi. Zida zambiri zija zinapangidwa ndi anthu amene magetsi sankawaganizira n'komwe. Kuno netiweki ya pasukulu kapena pachipatala imafa kawirikawiri chifukwa batire latha, sola sinadzaze, kapena jenereta yauma mafuta. Kachipangizo kotsika mtengo koyeza mphamvu ya batire, kutentha kwa m'chipinda cha makina ndi liwiro la netiweki pamodzi, n'kuchenjeza kusanathime, kangakhale pulojekiti yabwino ya chaka chomaliza, ndipo mwina ungapeze ofuna kukulipira kuti uwaikire ndi kumawasamalirira. Ndalama ya m'ntchito imeneyi imachokera kwambiri ku kuika ndi kusamalira.

Chenjezo limodzi: Wireshark imaonetsa mapaketi a anthu ena. Usaitsegule pa netiweki ya sukulu popanda chilolezo cholembedwa cha woyang'anira ICT. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa kapena kumvetsera mauthenga a pa kompyuta popanda chilolezo, ndipo kunena kuti "ndimangophunzira" sikudzakuombola.

Tibwerere kwa inu, bambo, pa za CCNA. Satifiketi imeneyi ndi ya Cisco, mayeso ake ndi a nambala 200-301, ndipo olemba ntchito amaidziwa bwino. Pakati pa ziwiri mwafunsazi, ndalama ipite kumeneku. Koma osati mwezi uno. Mayesowo amalipiridwa m'madola, akalephera ndalama yapita, ndipo satifiketiyo imatha mphamvu pakapita zaka 3. Akalemba tsopano, chaka chimodzi kapena kuposerapo chidzathera m'kalasi. Ndi bwino alembe chakumapeto kwa chaka chomaliza. Pakali pano akonzekere ndi Packet Tracer, imene Cisco Networking Academy imapereka kwaulere, ndi GNS3, mapulogalamu oyeserera netiweki pa kompyuta. Muyeso woti wakonzeka ndi uwu: azitha kugawa ma adiresi a IP papepala popanda makina owerengera, ndiponso kufotokozera inuyo, amene si ntchito yanu, chifukwa chimene kompyuta ingakhale ndi Wi-Fi yodzaza koma osatsegula tsamba lililonse. Aphunzirenso Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Kuyambira pamene panakhazikitsidwa njira zoti mapulogalamu azilamulira zida za netiweki, NETCONF mu 2006 ndi YANG mu 2010, ma router ayamba kukonzedwa kwambiri ndi mapulogalamu m'malo molemba malamulo pamanja, ndipo wodziwa netiweki ndi kulemba pulogalamu pamodzi ndi wosowa. Zida za netiweki za kampani ya MikroTik azikhudzenso, poti makampani ang'onoang'ono ambiri ogulitsa intaneti amadalira zimenezo chifukwa cha mtengo.

Ntchito ilipo, ngakhale sindingakulonjezeni kuti idzamupeza tsiku lomaliza mayeso. Airtel, TNM ndi MTL ali ndi netiweki zofuna maso nthawi zonse, ESCOM ili ndi zingwe za fibre, mabanki sangalole makina a ATM kugona, ndipo mayunivesite amalumikizana kudzera mu netiweki yawo ya MAREN, yomwe ili m'gulu la UbuntuNet Alliance. Ambiri amayambira mu NOC, chipinda chimene anthu amakhala moyang'ana magirafu ndi machenjezo. Ndikuuzirenitu poti ndi mwana wamkazi ndipo mudzadabwa: kumeneko amagwira mosinthana, usiku, Lamlungu ndi pa Khirisimasi pomwe. Pomulemba ntchito afunse za galimoto yomutenga ndi kumubweza usiku, ndi funso loyenera. Aziyang'ananso maphunziro afupiafupi a AfNOG, gulu la akatswiri a netiweki mu Africa, ndi a Network Startup Resource Center ya ku yunivesite ya Oregon, amene akhala akuphunzitsa akatswiri a mu Africa kuyang'anira netiweki ndi zida zaulere zomwe zija.

Kwa makolo ena amene ana awo akadali ku sekondale: masamu ndi Chingerezi pa MSCE ndiye khomo, fizikisi imathandiza, ndipo MUBAS, UNIMA, MUST ndi Mzuzu University zonse zili ndi maphunziro a za kompyuta. Zofunika polowa zimasiyana pulogalamu ndi pulogalamu, choncho werengani chilengezo cha NCHE cha chaka chimenecho.

Ngati pali kandalama koti mutulutse panopa, bambo, mugulireni switch yakale koma yotha kuyankha SNMP, ka router kamodzi ka MikroTik, zingwe zingapo ndi batire laling'ono. Iyeyo apite kwa woyang'anira ICT wa pasukulu pawo akapemphe chilolezo choika Zabbix kapena inzake yotchedwa LibreNMS pa kompyuta imodzi yakale, aziyang'anira laibulale ija semesita yonse, ndipo nthawi iliyonse ikaduka azilemba ola, chimene chinayambitsa, ndi mphindi zimene zinapita isanabwerere. Kabuku kameneko adzapite nako ku intavyu pamodzi ndi satifiketi.