Musamumenye, sakuchitira dala

Mayi anzanga, amene akukuuzani kuti mwana wa zaka 8 amene wayambiranso kukodza pogona bambo ake atachoka pakhomo akuchitira dala, sakudziwa chimene akunena. Wanga anayamba zomwezo nditapita ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'nyumba, nditamusiya m'manja mwa alamu anga, chonsecho khalidwe limeneli anali atalisiya kalekale.

Tsiku limene ndinatulukira kumudzi mosauza munthu, ndinamupeza ataimikidwa pabwalo m'mamawa, atamusenzetsa mphasa yonyowa, mkodzo ukudonthera m'khosi, ana apamudzi atamuzungulira n'kumamuimba nyimbo zachipongwe. Alamu angawo anali pakhonde akutongola chimanga, ndipo anandiyankha mosatekeseka kuti manyazi ndiwo mankhwala ake. Mwanayo atandiona sanandithamangire ndiponso sanalire, koma anazyolika n'kuyamba kundipepesa, ngati kuti wolakwa anali iye. Tangoganizani, munthu amene ndinkamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi, ana ake akugona pa matiresi amene ndinagula ine, wanga akugona pansi kukhitchini chifukwa ankati amanunkha!

Mwana wa msinkhu umenewu sangathe kukuuzani kuti akuopa kuti nanunso mumusiya, ndipo kawirikawiri amaganiza kuti kholo lachoka chifukwa cha iye, choncho nkhawa imatulukira m'njira zina, monga kukodza pogona, kukana chakudya kapena kungokhala duu m'kalasi. Muuzeni momveka, ndipo mobwerezabwereza, kuti kuchoka kwa bambo ake si mlandu wake.

Komabe yambani ndi kuchipatala kuti akamuyeze mkodzo, chifukwa likodzo, matenda a m'njira ya mkodzo ngakhalenso shuga zimachititsa zomwezi, makamaka ngati amasamba kumtsinje kapena akumwa madzi pafupipafupi. Mukaona kuti pali munthu amene amamuopa, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a YONECO, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Musamulekererenso ayi. Azichapa yekha zofunda zake ndi kuziyanika kuseri kwa nyumba, asamamwe tiyi madzulo, ndipo muzimudzutsa pakati pa usiku ngakhale anyinyirike. Achibale a bambo ake musakangane nawo, chifukwa mudzawafuna pa fizi ndi pa matenda, ngakhale kuti ine ndi alamu angawo mpaka lero sitipatsana moni.