Penti yandipatsa mphumu, kodi abwana ali ndi mlandu?

Bambo wina wa ku Chawama, kuno ku Lusaka, wandilembera imelo. Wakhala akupopera penti magalimoto pa galaja ina ku Chinika kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tsopano usiku chifuwa chimalira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala amuuza kuti ndi mphumu. Abwana akuti: "Matenda amenewo ndi a kumtundu kwanu, ife mkaka timakupatsani." Funso lake ndi lakuti, kodi kampani ili ndi mlandu?

Achimwene, tiyambe ndi mkakawo, chifukwa nkhani imeneyi imandipsetsa mtima. Mkaka umapita m'mimba, fungo la penti limapita m'mapapo. Sizikumana n'komwe. Penti ya 2K, ija mumasakaniza ndi hadena (mankhwala oumitsa penti), imakhala ndi mankhwala otchedwa isocyanate, odziwika padziko lonse kuti amayambitsa mphumu mwa opopera penti. Kamasiki kapepala kaja kamene kamasanduka kofiira mukapopera galimoto yofiira ndi kotchinga fumbi chabe. Pamafunika chipinda chokoka mpweya woipa, ndi chophimba kumaso cholowetsa mpweya wabwino kudzera m'paipi.

Lamulo la Factories Act limalamula mwini malo kuteteza antchito ku utsi ndi fumbi loipa. Palinso Workers' Compensation Act ya 1999. Olemba ntchito ndiwo amapereka ndalama ku Workers' Compensation Fund Control Board, osati inu, ndipo kuti mulandire chipukutamisozi kumeneko simufunika kuonetsa kuti abwana analakwa. Chofunika n'chakuti matendawo abwera ndi ntchito. Kukhoti nkhani imasintha, chifukwa kumeneko muyenera kuonetsa kuti kampani inanyalanyaza.

Apa ndiye pagona nkhani: umboni. Mwalemba kuti mutapita kumaliro ku Katete milungu iwiri munkagona bwinobwino, koma mutangobwerera ku galaja chifuwa chinayambiranso. Mawu amenewo ndi amtengo wapatali, kawauzeni adokotala monga mwandiuzira ine. Pemphani kachipangizo kopumiramo kotchedwa peak flow meter. Muzipumiramo kanayi patsiku kwa milungu inayi, masiku a ntchito ndi opuma omwe, n'kumalemba manambala m'kope. Jambulaninso zitini za penti ndi za hadena, zolemba zake zioneke. Kenako adokotala a ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa alembe m'kalata kuti mumagwira ntchito yanji ndipo mumapuma chiyani.

Zoti ndi za kumtundu zisakufooketseni. Ngakhale agogo anu akanakhala ndi mphumu, funso likadali lakuti chautsa matendawo n'chiyani.

Musasiye ntchito mwaukali. Lembani kalata yopempha kuti akuchotseni kopopera, musunge kope lake. Koma musachedwenso, chifukwa thupi likadana ndi mankhwalawa ngakhale kafungo kochepa kamautsa chifuwa, ndipo kupitiriza kupuma mankhwalawa kungachititse kuti mphumuyo ikhale yosatha. Abwana akakana kukanena za matenda anu ku Workers' Compensation, pitani nokha ku ofesi yawo kuno ku Lusaka ndi mapepala onse. Ngati ya loya palibe, a Legal Aid Board alipo.