Benchi imene munthu sangagonepo

Mwa makalata amene ndalandira sabata ino, imodzi yandikanika kuiika pambali. Mtsikana wina amene amagwira ntchito yojambula mapulani a mabenchi ndi mabini a m'misewu akuti abwana ake amulamula kuti pa benchi iliyonse aike zitsulo pakati, kuti anthu osowa pokhala asamagonepo usiku. Akufunsa ngati avomere, komanso kuti benchi yabwino imakhala yotani.

Achemwali, funso lanu landikhudza chifukwa cha mayi anga. Ali ndi nyamakazi ya m'mawondo, ndipo tikamayenda m'tauni saona kutalika kwa ulendo ngati mmene timaonera enafe. Iwo amawerenga malo okhala. Tisananyamuke amafunsa kuti, "Nanga kumeneko pokhala palipo?" Ukati palibe, ulendo wathera pomwepo. Tsiku lina tinafika pa siteji ya basi imene anali atangoikonza kumene, denga lake lokongola, magalasi ali mbee. Pokhala pake anaikapo chitsulo chopyapyala, chopendekekera kutsogolo, choti munthu azingotsamira. Anyamata awiri anali atatsamira bwinobwino, maso ali pa foni. Mayi anayesa kukhalapo, anatsetsereka. Anayesanso atapanira ndodo pakati pa miyendo, dzanja likupapasa pogwira koma osapapeza. Mapeto ake anakhala pa simenti ya m'mphepete mwa msewu, magalimoto akuwauzira fumbi, ndipo basi itafika ndinachita kuwadzutsa ndi manja onse awiri anthu akuyang'ana. Sanadandaule. Anangoti, "Tisamadzerenso kuno, mwanangu."

Amene anapanga chitsulo chija sankalimbana ndi mayi anga. Ankathamangitsa munthu wogona panja. Koma mpando sufunsa kuti ndiwe yani. Ukaupanga kuti uvutitse mmodzi, umavutitsanso agogo, mayi woyembekezera, wodwala amene akuchokera ku chipatala, ndi aliyense amene thupi lake latopa. Wogona panja uja amangosuntha n'kukagona pakhonde lina, vuto lake lili pomwepo.

Izi si zachilendo. Mu 2012 khonsolo ya Camden ku London inayamba kuika benchi ya simenti imene inatchuka dziko lonse. Pamwamba pake m'popendekeka kuti munthu asagone, ilibe ming'alu yobisamo zinthu, ndipo inapakidwa zoti utoto wa olembalemba pa makoma usamatirire. Opanga ake analemba mndandanda wa zonse zimene safuna kuti zichitike pa benchipo, ndipo zinatheka. Chimene chinatsala ndi chimwala chimene umakhalapo mphindi zochepa n'kunyamuka. Mu 2014 mumzinda womwewo anthu anakwiya ataona zisonga zachitsulo zokhomedwa pansi pakhomo la nyumba ina ku Southwark, mpaka zinachotsedwa. Zisonga zimaoneka nkhanza zake poyera, n'chifukwa chake anthu anadzuka. Chitsulo cha pakati pa benchi chimachita ntchito yomweyo mwaulemu, ndiye palibe amene amayankhula. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kubisala kumbuyo kwa chitsulo chifukwa choopa kunena poyera kuti anthu ena sitikuwafuna pano.

M'zaka za m'ma 1970, William H. Whyte, wofufuza za moyo wa m'mizinda wa ku America, anaika makamera pamwamba pa nyumba ku New York n'kumajambula mmene anthu amagwiritsira ntchito mabwalo a mumzinda. Anapeza chinthu chooneka ngati chachibwana: anthu amakhala kumene kuli pokhala. Kukongola kwa bwalo sikunali kanthu kwenikweni. Anthu ankadzaza pa masitepe ndi pa timakoma tatifupi, n'kusiya mabenchi okwera mtengo amene anaikidwa pamalo olakwika. Zimene anapezazi zinalowa m'malamulo a kamangidwe a mzindawo mu 1975. Anaonanso kuti munthu akapeza mpando wosunthika, amausuntha pang'ono asanakhale, ngakhale osapita nawo kulikonse, kungofuna kumva kuti malowo wasankha yekha. Paki ya Bryant Park ku New York komweko, imene anthu ankaiopa chifukwa cha ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, itatsegulidwanso mu 1992 anaikamo mipando yotere yambirimbiri. Ambiri ankati ibedwa yonse. Anthu anadzaza pakiyo, ndipo kuchuluka kwa maso n'kumene kunaitchinjiriza. Mu 2009 atatsekera magalimoto mbali ya msewu wa Broadway ku Times Square, mumzinda womwewo, anangomwaza mipando yotchipa yopinda, ndipo anthu anaikhalira tsiku lomwelo.

Za masiteji a basi ndili nazo chakukhosi china. Jean-Claude Decaux, wamalonda wa ku France, anayambitsa mumzinda wa Lyon mu 1964 njira yoti kampani imange sitejiyo mwaulere, iyo n'kumapeza ndalama pa zotsatsa malonda zimene zamatidwapo. Mizinda yambiri inatengera. Vuto lake n'lakuti amene akulipira amafuna chithunzi chake chioneke kwa oyendetsa galimoto, ndiye nthawi zina chikwangwanicho chimatchinga mbali imene basi ikuchokera, wodikira n'kumachita kusuzumira. Mabini nawonso ali ndi mbiri yawo: bomba litaphulika mu bini pa siteshoni ya sitima ya Victoria ku London mu 1991, masiteshoni ambiri a ku London anachotsa mabini kwa zaka, kenako anabwera ndi matumba oonekera mkati. Apo ndimamvetsa, chifukwa panafa munthu. Munthu wogona pa benchi sanaphe aliyense.

Tsono muchite chiyani?

Musakane zitsulo zonse zogwirira ndi dzanja. Mayi anga amazifuna kwambiri, chifukwa popanda pokankhira ndi dzanja sangadzuke. Ziikeni kumapeto kwa benchi, ndipo ngati abwana akakamira cha pakati, chisunthireni mbali imodzi kuti chipange malo a munthu mmodzi wokalamba, mbali inayo ikhale yaitali. Pokhala pakhale pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, pakhale potsamira msana, ndipo matabwa asiyane pang'ono kuti madzi a mvula azidutsa. Chitsulo chimawotcha padzuwa ndipo chimazizira nthawi yachisanu, choncho pokhalira penipenipo matabwa ndiwo abwino, omangidwa ndi mabawuti kuti limodzi likathyoka musinthe lokhalo. Benchi ikhale pamthunzi, iyang'ane kumene anthu akudutsa, ndipo pambali pake musiye mpata wa njinga ya olumala. Bini ikhale patali pang'ono chifukwa cha fungo ndi ntchentche. Musanajambule chilichonse, atengeni abwana anuwo pamodzi ndi munthu wachikulire woyenda ndi ndodo, mukakhale nawo pa malowo masana, kenako muwafunse kuti amene akudandaula za ogona usikuwo ndi angati, ndipo akudandaula chiyani kwenikweni.